Zilembo Zitatu pa Galasi

Linabwera pa lole ya thonje, litafundidwa bulangete,
bokosi lalitali ngati munthu, galasi kumaso.
Alufazema anati analigula ku Beira
kwa mmwenye amene ankatseka sitolo.
Ena amati anawina pa juga.
Ife ana a pa Nchalo sitinafunse zambiri,
tinangoona kandege kobiriwira pansi pa galasi
ndi adani akugwa kumwamba ngati matalala.

Dzina lake lenileni linali m'zilembo zachilendo,
ndiye tinalitcha Chiwombankhanga.

Fifite tambala, miyoyo itatu.
Ndani winanso anatigulitsapo moyo motchipa chonchi?
Tinkatola nzimbe zogwa m'mathirakitala
n'kukagulitsa pa siteji
kuti tikafe katatu dzuwa lisanalowe.

Okutobala, malata akuthetheka ndi kutentha,
thukuta likuyenderera pa kandodo kofiira,
chala chikugogoda batani ngati gogomole.
Magetsi akathima, Alufazema ankakoka chingwe cha jenereta
ife tili zii ngati pa maliro.

Malamulo analipo, osalembedwa:
usaime kumanzere pa gawo lachinayi;
chilombo cha maso asanu chimaphethira chisanalavule moto;
woseka mnzake akamafa
agulire onse zitumbuwa.

Koma pamwamba pa mndandanda wa akatswiri
panali zilembo zitatu, TSA,
ndi nambala yaitali ngati sitima ya ku Makhanga.
Bizeki ankati ndi mzungu wa ku fakitale.
Domingo ankati makinawo anadzilembera okha
kuti atinyoze.
Tinamera ndevu tikuithamangitsa nambala ija.

Usiku umene madzi anabwera,
anthu akunyamula ana, mbuzi, matumba a mapira,
amuna anayi anasenza Chiwombankhanga pa chitseko,
madzi ali m'chiuno, mpaka kusukulu ya kumtunda.
Akazi awo sanaiwale, amaikumbutsa nkhaniyi
ngakhale pa chinkhoswe cha eni.
Linauma sabata zitatu. Litayaka,
TSA anali pompo, osanyowa.

Alufazema tinamuika kalekale.
Bokosi lili kuseri kwa shopu ya Bizeki yowotcherera zitsulo,
kandodo kanathyoka, tinaikapo chogwirira cha buleki ya njinga,
ngodya ina ya galasi inada ngati nthochi yakupsa.
Loweruka lililonse timakumana, ife a imvi ndi mimba,
wina kuchokera ku Ngabu, wina ku Bangula pa kabaza,
Bizeki n'kutsegula chitini cha ndalama zakale
zimene sitolo iliyonse inazikana.
Ana amatiseka: zoterezi zili pa foni, ankolo, zaulere.
Zaulere!
Imfa yaulere ilibe kukoma, mwanawe.

Ndiye Loweruka lapitali kunabwera mayi wina
atavala ovolosi ya kuesiteti, fumbi la nzimbe m'tsitsi,
uja amayendetsa chimakina chopakira mitolo.
Anaima pakhomo, nayang'ana galasi nthawi yaitali.
Mukadali nacho, anatero.

Domingo ndiye anayamba kumuzindikira:
mdzukulu wa Alufazema, kamtsikana kankasesa muholo
ife tikamatuluka osakapatsa ngakhale moni.
Tsache likatha ntchito, chitseko chitakhomedwa,
kiyi wa kabokosi ka ndalama anali m'manja mwake,
tambala imodzimodziyo ikulowa ndi kutuluka
mpaka tambala wa nthenga atalira.

Dzina lake Tsalani.
Zaka makumi atatu galasi likutiuza poyera,
ife osamva.

Bizeki anamupatsa ndalama ndi manja awiri.
Anagwira buleki ija, kandege kananyamuka,
kanavina pakati pa matalala ngati kakumbuka kwawo,
kenaka, pa gawo lachinayi, kanaima kumanzere.
Phuu. Phuu. Phuu.

Palibe mwa ife anatsokomola.
Anaseka yekha, mpaka misozi,
nati maso awa anapita ndi fumbi,
kenaka anaitana mwana wa beseni panja paja,
natigulira tonse zitumbuwa.